Cimene Kamba Anatiphunzitsa: Injini Nayo Imafuna Kupuma

Amene munafika pa famu yathu m'nyengo yokolola yapitayi munamuona Kamba, ndipo mwina munayamba kumumva asanatulukire. Kamba ndi motoka imene tinapanga tokha mu shedi ya zamakina pamodzi ndi ophunzira athu. Chassis yake inacokera ku vaneti yakale imene inagona zaka zambiri kuseri kwa khola, nkhuku zikuikiramo mazira. Injini ndi ya petulo, ya masilinda anayi, yocokera mu Nissan 1400, mtundu uja wa vaneti umene unali kupangidwa ku South Africa mpaka caka ca 2008. Tinaigula kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Chipata. Kumbuyo tinakhoma matabwa a bulugamu, mpando tinawocherera ndi mapaipi akale a madzi. Liwiro alibe, n'cifukwa cake ophunzira anamupatsa dzina limeneli. Ku msewu waukulu sapitako, pakuti motoka yoyenda kumeneko iyenera kulembetsedwa ndi kupimidwa ndi a RTSA. Nchito yake ndi ya m'kati mwa famu: kututa manyowa, nkhuni, madzi ndi zokolola.

Mwambi wa kamba ndi munthu amene anamutola mumaudziwa. Ife tinauona ukukwaniritsidwa pa maovololo athu. Patangopita milungu iwiri ciyambire nchito, pamalo pamene Kamba amagona panaoneka kadontho kakuda. Kadonthoko kanasanduka cithaphwi, ndipo pofika mwezi wa Meyi tinali kuthira theka la lita ya oilo m'mawa uliwonse. Nthawi imeneyo cimanga ca ku munda wakutali cinali pa mikukwe, ciswe citayamba kale kukwera, ndipo eni ng'ombe a m'midzi yotizungulira anali pafupi kuzimasula kuti zidye mapesi. Ndalama ya oilo inali kucokera m'thumba lomwelo limene timagulira mbewu ya ku dimba. Talemba nkhaniyi cifukwa tinalakwa katatu tisanapeze gwero la vuto, ndipo tikudziwa kuti ambiri mwa inu muli ndi cigayo, pampu, thirakita kapena motoka yakale imene ikudontha cimodzimodzi.

Tinayamba ndi kuthamangitsa madontho

Poyamba tinacita zimene munthu aliyense amacita. Tinagona pansi, tinaona oilo akugwa kucokera m'mphepete mwa sampu, beseni lija la pansi pa injini mmene oilo amasonkhana, ndipo tinagamula kuti gasiketi ya sampu yatha. Tinagula ina, tinathera tsiku lathunthu tikuiika, koma m'mawa mwake dontho linali pompaja.

Kaciwiri tinaona kuti civundikiro ca pamwamba pa injini, cimene amakanika amati tappet cover, cikucita thukuta m'mbali. Tinatenga sipanala ndi kumanga mabawuti ake ndi mphamvu zathu zonse. Citsulo ca civundikiroci n'copyapyala. Cinapindika pa mabowo a mabawuti, gasiketi inafinyika n'kutulukira pambali, ndipo kudontha kunawirikiza. Tinapakapo silikoni wambiri ngati tikumata nkhokwe.

Kulakwa kwacitatu ndiko kumaticititsa manyazi kopambana. Kamba akakwera citunda ca ku damu atasenza katundu, tinali kupeza kacitsulo kopimira oilo katatumphuka m'malo mwake utali wa cala. Tinati ndi mabampu, ndipo tinakamanga ndi malegeni. Injini inali kutiuza nthenda yake, ife n'kuitseka pakamwa.

Mlungu wotsatira oilo anayamba kutuluka pa kabowo ka pansi pamene injini imakumana ndi giyabokosi. Apa tinataya mtima, pakuti m'kati mwa malo amenewo muli seal ya kumbuyo kwa crankshaft, ndipo kuti munthu aifike ayenera kutsitsa giyabokosi, kilachi ndi flywheel. Kwa ife imeneyo ndi nchito ya masiku atatu, cimanga cili kumunda. Kuisiya nako kunali koopsa, cifukwa oilo akafika pa kilachi imayamba kuterereka, ndipo motoka imalephera kukoka.

Aphunzitsi athu a zamakina anali ku maliro masiku onsewa. Anabwerera tsiku limene tinali titaimika kale jeke. Anayang'ana silikoni, anayang'ana malegeni, ndipo anangofunsa kuti, "Kodi denga la udzu likadonthera pa mphasa, bowo limakhala pamwamba pa mphasa pomwepo?" Tonse yankho tinali kulidziwa. Madzi amalowera kumtunda, amatsata phaso, n'kukagwera kutali ndi pamene analowera. "Tsitsani jeke, ana anga," anatero. "Lero sitimasula bawuti ngakhale imodzi. Tengani parafini ndi sopo."

Sambitsani injini, muyambire pamwamba

Injini yakuda bii singakuuzeni ciliconse. Fumbi la pa famu likasakanikirana ndi oilo limamatirira ponseponse ndi kubisa njira zonse. Tinadikira kuti injini izizire, tinakulunga distributor, alternator ndi pakamwa pa kabyuleta ndi mapulasitiki, tinatsuka ndi parafini ndi burashi, kenaka ndi madzi a sopo, n'kuisiya padzuwa mpaka kuuma. Petulo sititsukira, pakuti nthunzi yake sicedwa kugwira moto.

Usiku tinayala katoni yoyera pansi pa Kamba. Katoni imaulula zinthu ziwiri: malo amene dontho likugwera, ndi mtundu wa cimene cikudontha. Oilo wa mu injini amakhala wakuda kapena wofiirira. Wa mu giyabokosi ndi wa mu difu ndi wolemera, ndipo kawirikawiri amanunkha ngati dzira lowola cifukwa ca sulufule amene amathiramo. Kununkhiza n'kofunika, popeza pa kabowo kaja ka pakati pa injini ndi giyabokosi pangatuluke oilo wa mbali iliyonse mwa ziwirizi. Wathu analibe fungolo. Anali wa mu injini.

Kutaca tinawaza ufa. Ena amagwiritsa nchito paudala wa ana, ena coko copera. Ife tinasefa phulusa loyera la zitsononkho n'kuliwaza mopyapyala m'mphepete mwa magasiketi onse, zivundikiro zonse zili zotseka kuti lisalowe m'kati. Tinamukankhira Kamba panja, cifukwa utsi wa injini m'cipinda cotseka umapha munthu asanamve fungo loopsa, ndipo tinamuliza mphindi 10. Kenaka tinamusenzetsa matumba ndi kukwera naye citunda ca ku damu, popeza kudontha kwina sikuoneka injini ikamalira yopanda katundu. Pobwerako oilo anali atalemba mizere yakuda pa phulusa.

Lamulo lowerengera mizereyi ndi limodzi. Oilo amatsika, ndipo mphepo ya fani ndi ya ulendo imamukankhira kumbuyo. Motero tsatani mzere cokwera ndiponso colunjika kutsogolo mpaka pamene wathera. Pamenepo ndiye pali bowo. Yambani ndi kapu yothirira oilo ndi tappet cover. Tsikirani pa tsinde la distributor, pamene pali kamphira kozungulira. Onani kaswichi kamene kamayatsa nyale ya oilo. Kameneka kakang'aluka kamakhetsa oilo wambiri, ndipo mphepo ikamukankhira kumbuyo kamapusitsa anthu kuti ndi seal ya crankshaft. Onani gasiketi ya pampu ya petulo. Onani fyuluta ya oilo, cifukwa nthawi zina mphira wa fyuluta yakale amatsalira pa injini, yatsopano n'kukhala pamwamba pake. Seal ya kutsogolo, ya kuseri kwa pule, ikatha imamwaza oilo mozungulira. Potsiriza onani washala wa bawuti yokhetsera oilo ndi gasiketi ya sampu. Seal ya kumbuyo ndiyo yomaliza kuiimba mlandu, zonse za pamwamba pake zitapezeka zouma. Pocita zonsezi manja, malaya ndi citenje zikhale kutali ndi fani ndi lamba, ndipo munthu asalowe pansi pa motoka imene yangokhala pa jeke popanda zitsa zolimba.

Zimene tinapeza zinatidabwitsa. Gasiketi ya sampu, imene tinayamba nayo, inali youma. Inali kungolandira za kumtunda. Koma oilo anali kutuluka pa malo asanu: pa tappet cover, pakamwa pa paipi ya kopimira oilo, pa gasiketi ya pampu ya petulo, pa seal ya kutsogolo ndi pa ya kumbuyo. Aphunzitsi anati gasiketi imodzi ikhoza kutha yokha, ziwiri mwina, koma zisanu sizipangana tsiku. Malo ambiri akayamba kudontha nthawi imodzi, pali cimene cikukankha oilo kucokera m'kati.

Mpweya umene umazemba

Kuti timvetse cokankhaco, tinayenera kubwerera ku bolodi. Pisitoni ikamakwera ndi kutsika mu silinda, maringi ndiwo amatseka mpata wa pakati pa iyo ndi khoma la silinda. Koma palibe ringi imene imatseka kotheratu. Iliyonse ili ndi kampata pamene nsonga zake zimakumana, kosiyidwa dala kuti citsulo cikatentha cipeze pofutukukira. Conco nthawi iliyonse petulo akaphulika pamwamba pa pisitoni, mpweya wocepa wa moto umazemba n'kutsikira m'cipinda ca pansi mmene mumazungulira crankshaft, cimene cimachedwa crankcase. Amakanika mpweya umenewu amauchula kuti blow-by. Injini iliyonse ili nawo. Yatsopano imakhala ndi wocepa, yakale wambiri, ndipo umaculuka kopambana pamene motoka ikukoka katundu pa citunda.

Mayi aliyense amene anatsekapo thobwa wa dzulo m'cigubu amadziwa cimene cimatsatira. Cigubu cimatupa, ndipo thobwayo amafunafuna potulukira mpaka atapeza pofooka. Crankcase ikasowa popumira imacita cimodzimodzi. Magasiketi ndi ma seal a injini anapangidwa kuti aletse oilo amene akungowazika, osati oilo wokankhidwa ndi mpweya. Mphamvu ya mpweya ikakwera, oilo amatulukira paliponse, ndipo kopimira oilo kamatumphuka ngati citsekero ca cigubu.

Vuto laciwiri la mpweya umenewu silioneka pa katoni. Lita imodzi ya petulo ikapsa imabala madzi pafupifupi lita imodzi, amene amatuluka ngati nthunzi. Ambiri amapita ku ekizozi, koma ena amatsika ndi blow-by, pamodzi ndi mwaye ndi petulo wosapsa. Akapanda kucotsedwa amasakanikirana ndi oilo n'kupanga matope akuda amene amatseka tinjira ta oilo, ndiponso asidi amene amadya zitsulo. Mukapeza zoyera zonga cambiko kunsi kwa kapu ya oilo, mwina ndi madzi amenewa, ngakhale kuti gasiketi ya hedi yotha nayo imaonetsa cizindikiro cofanana; ngati madzi a mu rediyeta sakucepa, yambani mwakayikira kapumidwe. Motoka za pa famu zimavutika nazo kwambiri cifukwa maulendo ake ndi afupiafupi: kucoka ku shedi kupita ku khola, kuzima, kuliza, kuzimanso. Oilo satentha mokwanira kuti madziwo auluke.

Motoka zakale kwambiri zinali ndi paipi yongolendewera pansi, yoti mphepo ya ulendo izikoka mpweyawo. Njira imeneyo inali kugwira nchito motoka ikamathamanga, koma kwa yoyenda pang'onopang'ono ngati Kamba inalibe phindu lenileni, ndiponso inali kuipitsa mpweya wa m'mizinda. Kuyambira mu 1961 motoka zatsopano zogulitsidwa ku California, m'dziko la America, zinayamba kubwera ndi njira ina yochedwa PCV, ndipo m'zaka zotsatira inafalikira kwa opanga motoka onse.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Injini ya petulo ikamalira pang'onopang'ono, kacitseko ka mu kabyuleta kamakhala pafupifupi kotseka, motero mu manifold, njira imene imagawira masilinda mpweya ndi petulo, mumakhala kukoka kwamphamvu monga mmene kumakhalira munthu akamayamwa bango lotsina. Paipi imodzi imacokera ku crankcase, imadzera pa kavalavu ka PCV, n'kukalowa mu manifold. Imeneyi imayamwa mpweya woipa kuti ukapse m'masilinda. Paipi yaciwiri imacokera ku sefa ya mpweya kupita pa tappet cover, ndipo imalowetsa mpweya wabwino m'malo mwa wocotsedwawo. M'kati mwa kavalavu muli kacitsulo ndi sipuling'i. Kukoka kukakhala kwamphamvu, kacitsuloko kamacepetsa njira kuti injini isamwe mpweya wopitirira muyeso. Mukaponda moto, kamatsegula kwambiri. Pa citunda, pamene blow-by yaculuka ndipo kukoka kwa manifold kwatsika, wotsalawo umabwerera cam'mbuyo kudzera pa paipi yaciwiri n'kukalowa ku sefa ya mpweya. Mapaipi awiriwa ndiwo mphuno za injini.

Mabawuti m'mphuno

Aphunzitsi atamaliza kujambula anafunsa kuti, "Tsopano ndionetseni, Kamba amapumira pati?" Mtsikana wina, amene ndiye anagwira nchito ya mapaipi pomanga motokayi, anagwira pakamwa. "Aphunzitsi, pepani, ndine ndinatseka," anatero, "koma tinagwirizana tonse." Ndipo anali kunena zoona.

Injini tinaigula yopanda sefa yake ya mpweya. Imene tinaikapo inacokera ku motoka ina, ndipo inalibe polumikiza paipi. Poopa kuti paipi ya pa tappet cover izimwa fumbi, tinalowetsamo bawuti n'kumanga ndi waya. Paipi ya ku PCV inali yong'aluka, ikulira ngati njoka, ndipo injini inali kudumphadumpha ikaima. Tinaidula n'kutseka mbali zonse ziwiri. Injini inayamba kulira bwino, ndipo tsiku limenelo tinaombera m'manja. Cikomekome ca mkuyu. Apa ndi pamene motoka yodzipangira imasiyana ndi ya ku fakitale: zitsulo zake zimacokera kosiyanasiyana, nthawi zonse pamatsala kapaipi kopanda kwawo, ndipo dzanja limathamangira kukatseka. Musanatseke paipi iliyonse ya pa injini, dziwani kaye nchito yake.

Aphunzitsi sanalole kuti tingozula mabawutiwo. Anafuna kuti tione ndi maso mphamvu imene tinatsekera m'kati, ndipo anationetsa mayeso atatu amene mlimi aliyense angacite kwawo.

Oyamba ndi a pepala. Injini itatentha ndipo ikulira yokha, cotsani kapu ya oilo ndi kuika pepala lolimba pabowo. Pa injini yopuma bwino pepala limakhala phee kapena kukokedwa pang'ono. Lathu linauluka, ndipo pabowo panali kufuka utsi.

Aciwiri ndi a madzi. Tinatenga paipi yoonekera m'kati, ija amisiri omanga nyumba amapimira levulo, yotalika mamita awiri. Tinaikhoma pa thabwa mopinda ngati cilembo ca U, tinathira madzi mpaka theka la mikono yake, ndipo nsonga imodzi tinailumikiza pa paipi ya kopimira oilo, inayo n'kuisiya yotsegula. Mikono ikhale yaitali kuti madzi asakokedwere mu injini. Kapu ili yotseka, tinaliza injini. Madzi anathawa mbali ya injini n'kukwera mbali inayo mpaka kutayikira pansi. Pa injini yabwino madziwo amakhala pafupifupi molingana, kapena amakwera masentimita ocepa mbali ya injini, kusonyeza kuti m'kati muli kukoka pang'ono.

Acitatu ndi a kavalavu. Kamasuleni ndi kukagwedeza pafupi ndi khutu. Kamoyo kamalira ngati kanjere m'cibade, kakufa kamakhala cete. Kathu kanali cete, kodzaza matope. Ngati kakulira, kabwezeni, lizani injini, ndi kuika cala pa nsonga yoyang'ana ku crankcase: muyenera kumva kakuyamwa cala mwamphamvu.

Kukonza kunatenga theka la tsiku. Tinagula kavalavu katsopano ka mtundu wa injini yomweyi, cifukwa mavalavu amenewa amapimidwa molingana ndi kukula kwa injini. Kolakwika kamalowetsa mpweya wambiri n'kusokoneza kaliridwe, kapena kamayamwa oilo. Tinagulanso paipi yopirira oilo. Ya m'dimba siyenera: ikatentha imafewa, ndipo kukoka kwa manifold kumaiphwafula mpaka kutsekeka. Pa sefa ya mpweya tinawocherera kapaipi mbali ya m'kati, kumene mpweya wadutsa kale pa pepala losefera, ndipo tinaikamo kasefa ka waya wolimba koletsa moto kubwerera ku crankcase. Waya wotsukira mapoto musaikemo, amayoyoka. Tappet cover tinaiwongola ndi nyundo pa thabwa, tinapala silikoni yense, popeza tizidutswa take tikagwera m'kati timakatseka sefa ya pampu ya oilo, ndipo tinamanga gasiketi yatsopano pang'onopang'ono, modumphitsa mabawuti, ndi dzanja lofatsa. Titabwereza mayeso a madzi, anangosuntha pang'ono kulowera mbali ya injini n'kuima.

Tisanakhululukire maringi

Panatsala mafunso awiri. Nthawi zina mphuno zimakhala zotsegula, koma blow-by ndi wambiri kotero kuti mapaipi sangathe kumucotsa yense. Pamenepo vuto ndi maringi kapena makoma a masilinda. Tinabwereka geji ya compression. Injini itatentha, tinacotsa mapulagi onse, tinadula moto wa ku koilo, tinaponda moto mpaka pansi, ndi kupima silinda iliyonse. Masilinda a injini yabwino sasiyana kwambiri. Kusiyana kukapitirira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, funani cifukwa cake. Silinda ikatsika, thirani supuni imodzi ya oilo pa bowo la pulagi ndi kupimanso. Nambala ikakwera kwambiri, maringi atha, pakuti oiloyo watseka mipata yawo kwa kanthawi. Ikakhala pomwepo, yang'anani mavalavu kapena gasiketi ya hedi. Mayeso othira oilo amenewa ndi a injini ya petulo yokha. Mu ya dizilo oiloyo akhoza kuphulika. Masilinda a Kamba anapezeka otopa monga mwa msinkhu wake, koma olingana. Tinapuma.

Funso laciwiri linali la muyeso. Oilo akapitirira, crankshaft imamumenya mpaka kucita thovu, ndipo amafika pa ma seal ndi m'mapaipi opumira. Pa motoka yodzipangira kopimira kamanama mosavuta, mwina cifukwa kanacokera ku injini ina, mwina cifukwa injini inakhala mopendeka pa chassis yacilendo. Tinaimika Kamba pa simenti yosalala, tinakhetsa oilo yense, tinathira muyeso umene buku la injiniyi limanena, tinaliza pang'ono kuti fyuluta idzaze, tinadikira, ndipo tinalemba mzere watsopano pa kopimirako ndi tupa. Unagwera pansi pang'ono pa wakale. Ndiye kuti m'mawa uliwonse, pothira theka la lita lija, tinali kudyetsa cithaphwi ndi manja athu.

Kwa a zigayo, mapampu ndi mathirakita

Ambiri mwa inu injini zanu ndi za dizilo. Blow-by ali nazonso, ndipo kawirikawiri amakhala wambiri cifukwa mu injini ya dizilo mpweya umafinyidwa mwamphamvu kuposa mu ya petulo. Kusiyana kwake n'kwakuti injini zambiri zakale za dizilo zilibe kacitseko kocepetsa mpweya, motero mu manifold mulibe kukoka kofanana ndi kwa petulo. Zina zimangopumira panja pa paipi yochedwa breather, zina zimabweza mpweyawo ku njira yolowera mpweya. M'nyumba ya cigayo fumbi la ufa limagwirana ndi nthunzi ya oilo n'kutseka breather, ndipo makina oima nthawi yaitali mavu omanga ndi dothi amakonda kumangamo zisa. Itsukeni nthawi iliyonse mukamasintha oilo. Kautsi kocepa pa paipiyo si nthenda. Utsi wopuma mwamphamvu, wolavula oilo, ndiwo uthenga wa maringi.

Pali ngozi imodzi imene tiyenera kuichula. Injini ya dizilo imatha kuyaka ndi oilo wake womwe. Ngati yadzazidwa mopitirira kapena maringi atheratu, ndipo breather imabwerera ku njira ya mpweya, imatha kuyamba kumwa oiloyo n'kuthamanga yokha mosalamulirika, ngakhale mutatseka dizilo. Njira yoiimitsa ndi kuimana mpweya: tsekani pakamwa pake ndi thabwa lolimba, osati ndi dzanja kapena nsalu. Thabwa limenelo lizikhala pafupi nthawi zonse, ndipo wogwira nchito aliyense adziwe pamene lili.

Katoni ya m'mawa

Sitinganene kuti zonse zinacira. Gasiketi ya pampu ya petulo inauma yokha. Seal ya kumbuyo inaleka kudontha, yangotsala ndi kacinyontho kamene tikukayang'anira, ndipo giyabokosi sitinaitsitse. Koma seal ya kutsogolo inali itaonongeka kale. Inapitiriza kukha mpaka tinaisintha titamaliza kukolola. Mphira amene wakankhidwa nthawi yaitali sabwerera nthawi zonse. Cimene tinapindula n'cakuti tinasintha seal imodzi m'malo mwa kusintha zisanu zimene zikanaphulikanso pasanathe mwezi.

Oilo wakuda amene tinakhetsa tinamusunga m'zigubu zotseka, pansi pa denga, kutali ndi citsime ndi dimba, kudikira otolera amene ali ndi cilolezo. Malamulo a dziko lino, amene bungwe la ZEMA limayang'anira, amaika oilo wogwira kale nchito m'gulu la zinyalala zoopsa. Dothi la pamalo paja panali cithaphwi tinalikumba n'kulisunga padera, pakuti mvula ikanalitengera ku damu kumene ng'ombe zathu zimamwa.

Cimanga conse cinalowa m'nkhokwe pakati pa mwezi wa Juni. Ciswe cinadyako mikukwe ya m'mphepete, ndipo imeneyo ndi mphotho ya masiku amene tinataya pothamangitsa madontho. Kuyambira pamenepo Kamba amagona pa katoni usiku uliwonse, ndipo wophunzira amene ali pa nchito m'mawa amaiwerenga asanagwire kiyi, amapima oilo, ndi kutsina mapaipi awiri aja kuti amve ngati akali olimba. Thabwa la paipi ya madzi lili pa khoma la shedi, pafupi ndi msomali umene tinapacikapo malegeni. Amene injini yanu ikudontha, mukadzabwera ku maphunziro dzafikeni ku shedi, tidzakuonetsani kapangidwe kake. Paipi ya mamita awiri, thabwa ndi misomali ndizo zofunika zokha.